Chingwe cha Ethernet: Kufufuza Vuto

Kompyuta yolumikizidwa ndi chingwe ikakana kulowa pa intaneti, kufufuza kuyambire pa chingwecho, munthu asanayambe kusintha za m'kati mwa kompyuta. Chingwe cha Ethernet chili ndi mawaya 8 opotedwa awiriawiri, othera pa pulagi ya RJ45, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala pa pulagi pomwepo. Kapulasitiki kogwirira kakathyoka, pulagi imakhwepa ndipo intaneti imangodukaduka. Njira yachangu ndi kubaya chingwe china chomwe chikugwira bwino ntchito, kenako kuyesa malo ena obayira pa rauta.

Ena amati nyali ya pobayira ikayaka ndiye kuti chingwe chili bwino. Nyaliyo imanena zoona pang'ono chabe. Liwiro la 100 Mbps limadalira mawaya 4 okha, a pa mapini 1, 2, 3 ndi 6 a pulagi, pomwe la 1000 Mbps limafuna onse 8. Waya wa pa pini 7 ukaduka, nyali imayakabe, koma kawirikawiri liwiro limatsikira pa 100, ndipo eni ake amadandaulira kampani ya intaneti pachabe. Kachipangizo koyezera chingwe ndiko kamaonetsa waya wodukayo. Utali nawonso uli ndi malire: chingwe cha Ethernet cha mtundu wa Cat5e chisapitirire mamita 100.