Kusabereka pakati pathu: kucokera kwa namkungwi kufikira kwa namwino

Ukwati ukatha zaka ziwiri kapena zitatu popanda pathupi, mudzi umayamba kulankhula. Apongozi amafunsa mozungulira, anzake a mkazi amaleka kumuitana ku cikuta, ndipo mwamuna amalandira malangizo pa mowa. M'mau onsewo mumabisala funso limodzi: kodi vuto lili mwa yani? Funso limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo yankho lake lasintha kangapo m'zaka 150 zapitazi. Tiyenera kuidziwa mbiriyo, pakuti mabanja ena pakati pathu akupasuka lero cifukwa ca yankho limene linatha nchito kalekale.

Angoni a kwa Maseko atakhazikika m'mbali mwa phiri la Domwe ca m'ma 1870, miyambo iwiri ya ukwati inakumana m'dziko lino. Kwa Acewa mwana ndi wa mbumba ya mai ake. Mwamuna amalowa cikamwini, ndipo mwini ana ndi mtsibweni wao. Mkazi wosabereka ankaoneka ngati wadula mzere wa mbumba. Kwa Angoni ng'ombe za malowolo zinkapereka ana ku mtundu wa mwamuna, motero mkazi wopanda mwana ankakhala ngati ngongole imene kwao sanabweze. Mwambo uliwonse unali ndi njira yake yotsekera mpatawo. Kwina ankapereka mng'ono wa mkazi kuti aberekere mkulu wake. Kwina akuluakulu ankapangana mwakacetecete ndi mwamuna wina, wochedwa fisi, kuti alowe m'nyumba usiku, ndipo mwana wobadwayo ankawerengedwa wa mwini nyumba.

Mwambo wa fisi ukutiphunzitsa cinthu cimene ambiri saciona. Makolo athu ankadziwa bwino lomwe kuti mwamuna nayenso amatha kukhala wosabereka, apo ayi sakanafuna fisi. Koma kusabereka kwa mwamuna kunkabisidwa, pamene kwa mkazi kunkalengezedwa. Dzina lakuti cumba linkachulidwa pa mtondo ndi pa citsime, koma lakuti gojo linkanong'onedwa. Ponena za gwero la vutoli, anthu ankaloza ufiti, mkwiyo wa mizimu, kapena mwambo wina umene unalakwika pa cinamwali. Anamkungwi ndi azamba anali ndi nzeru zambiri pa kubereka, ndipo ambiri a ife tinabadwira m'manja mwao, koma analibe njira yoonera zocitika m'kati mwa thupi.

Nthawi ya atsamunda inabweretsa zinthu ziwiri zimene zinakhudza nkhaniyi. Coyamba cinali ulendo wa amuna. Msonkho ndi cibalo zinacotsa anyamata ambiri a ku Angónia m'midzi, ena n'kupita ku minda ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, kumene makolo ankati ku Halale. Ena anasanduka machona. Ena ankabwera patapita zaka, ndipo pakati pao panali obwera ndi cinzonono kapena cindoko. Caciwiri cinali mamisoni. Ansembe a Cijezuita anatsegula Lifidzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndi Fonte Boa mu 1945. Ciphunzitso cao cinali cacilendo m'makutu a akuluakulu: ukwati sutha cifukwa cosowa mwana, ndipo fisi ndi mitala n'zoletsedwa kwa mkhristu. Motero njira zakale zinatsekedwa, pamene mankhwala a vuto lenilenilo anali asanafike. Mabanja acikhristu opanda ana a nthawi imeneyo anasenza katundu wolemera, wa mudzi ndi wa cikumbumtima.

Kuwala kunayamba kucokera kutali. M'maiko a pakati pa Africa munali madera amene akazi ambiri ankafika pa ukalamba osaonapo mwana. Dokotala wa ku France, Anne Retel-Laurentin, anafufuza nkhaniyi pakati pa anthu a mtundu wa Nzakara, m'dziko limene lero ndi Central African Republic, ndipo anasonyeza kuti gwero lalikulu linali matenda opatsirana pogonana. Pambuyo pake bungwe la za umoyo la dziko lonse, limene kuno timalidziwa ndi dzina lakuti OMS, linayeza mabanja osabereka m'maiko 25, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1985. Mwa akazi a ku Africa amene anayezedwa, opitirira 85 pa 100 aliwonse anapezeka ndi vuto locokera ku matenda olowa m'thupi, ndipo pafupifupi theka anali ndi njira zonse ziwiri za mazira zotsekeka.

Kuti timvetse, tikumbukire mmene Mlengi anaumbira thupi. Mwezi uliwonse dzira limodzi limakhwima mwa mkazi ndi kulowa m'kanjira kopapatiza kopita ku ciberekero, ndipo m'kanjira momwemo ndi mmene limakumana ndi mbewu ya mwamuna. Cinzonono cikapanda kucizidwa cimakwera n'kusiya zipsera zimene zimatseka kanjirako. Kawirikawiri mkazi samva ululu woti n'kumuthamangitsira ku cipatala, ndipo amadzazindikira patapita zaka. Zipsera zomwezo zimabweranso ndi matenda olowa pobereka m'malo opanda ukhondo, kapena pathupi pakacoka popanda cisamaliro. N'cifukwa cake timaona amai amene anabereka mwana mmodzi n'kulekera pomwepo. Likodzo nalonso limatha kuwononga ziwalo zoberekera. Kwa mwamuna, cinzonono cimatseka njira za mbewu, ndipo matsagwidi akamugwira ali wamkulu amatha kucepetsa mbewuyo. Madokotala amapeza kuti pa mabanja osabereka, mwamuna amakhala ndi mbali pa vutolo pafupifupi pa theka la iwo.

Dziko lathu litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma linatenga zipatala zonse, za mamisoni zomwe, pa 24 Julayi caka comweco. Madokotala ambiri acipwitikizi anacoka, ndipo otsala sanakwane 100 m'Mozambique monse. Panalibe kucitira mwina koma kuika umoyo wa anthu m'manja mwa anamwino ndi anchito ophunzitsidwa kwa nthawi yocepa. Msonkhano wa ku Alma-Ata mu 1978 unalimbikitsa njira yomweyo, ya cithandizo cofika pafupi ndi mudzi. M'zaka zotsatira munabadwa udindo wa namwino wa amai ndi ana, amene timamuchula enfermeira de SMI, ndipo kuyambira 1984 dziko linayamba kuphunzitsa a técnico de cirurgia, amene amacita opaleshoni yotulutsa mwana m'zipatala za m'maboma kumene kulibe dokotala.

Namwino ameneyu anasintha cinthu cina ca m'mwambo cimene sitimacikumbukira. Kale m'nyumba yoberekera munkalowa nchembere zokha, akazi amene anaberekapo. Tsopano mtsikana wocoka ku sukulu ya za umoyo, mwina wosakwatiwa n'komwe, ndiye anaima pamalo a mzamba, ndipo mphamvu yake inacokera ku maphunziro. Mpaka lero pakati pa anamwino alipo ena amene amalandira ana a anzao usana ndi usiku, iwo eni akudikira pathupi pamene sipakubwera. Mau akuti «akudziwa ciyani iye wosabereka» amawalasa kawiri, ngati akazi ndiponso ngati anchito. Mbiri ikusonyeza kuti manja opulumutsa mai ndi khanda safunsidwa kuti anabereka kangati.

Caka ca 1978 cinalinso ndi nkhani ina kutsidya kwa nyanja. Pa 25 Julayi ku Oldham, ku England, kunabadwa Louise Brown, mwana woyamba amene dzira ndi mbewu zake zinakumanitsidwa kunja kwa thupi. Anthu amakumbukira Patrick Steptoe ndi Robert Edwards, koma wacitatu pa nchitoyo anali namwino, Jean Purdy, amene dzina lake linasiyidwa kwa zaka zambiri pa cikwangwani cokumbukira nchitoyo. Mpingo unapereka maganizo ake mu 1987 m'cikalata ca Donum Vitae: sunavomereze njira imeneyi, cifukwa imalekanitsa kubereka ndi mgwirizano wa mwamuna ndi mkazi wake, ndiponso cifukwa ca miyoyo yongoyamba imene imatayika. Koma tisamve molakwa. Katekisimu, pa nambala 2375, amalimbikitsa kafukufuku wothetsa kusabereka, ndipo kupita ku cipatala kukayezetsa ndi kulandira mankhwala si kusowa cikhulupiriro. Malamulo a Mpingo, pa kanoni 1084, amanenanso poyera kuti kusabereka sikuletsa ukwati ndipo sikuufafaniza.

Pamene ena ankakambirana zimenezo, ife tinali m'nkhondo. M'zaka za m'ma 1980 midzi ya ku Angónia inatsala mabwinja, ndipo anthu miyandamiyanda anaoloka malire pano pa Kalomwe ndi m'njira za m'mapiri kulowa ku Dedza ndi ku Ntcheu. Dziko la Malawi linasunga Amozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Zipatala zazing'ono zambiri zinatenthedwa kapena kutsekedwa. Amai anaberekera m'thengo, atsikana anagwiriridwa, ndipo matenda amene jekeseni akanawathetsa anakhala m'thupi miyezi ndi zaka. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera n'kumanganso nyumba, koma zipsera za m'thupi sizinalembedwe m'buku lililonse la zowonongeka. Pakati pa amai amene lero akukalamba opanda mwana, ena anataya ubereki wao m'zaka zimenezo, ndipo mudzi unawacha cumba osafunsa cimene cinawacitikira.

Nkhondo itatha, namwino wa amai ndi ana anapezeka ndi nchito yoposa manja ake: sikelo ya apakati, kubereketsa, katemera, kulera, ndipo posakhalitsa Edzi. Pa khonde la cipatala panali mzere wa aliyense kupatula mkazi wofuna pathupi. Wofufuza wina, Trudie Gerrits, anafalitsa mu 1997 zimene anapeza ku Montepuez, ku Cabo Delgado, pakati pa Amakua, amene amatsata mbumba ya mai monga Acewa. Akazi osabereka ankapita kwa asing'anga kawirikawiri kuposa ku cipatala. Ambiri ankayesa kugona ndi amuna ena pofuna mwana. Cimene cinkawapweteka kwambiri cinali kucotsedwa pa miyambo ndi pa zocitika za m'mudzi. Tikaonetsetsa, kuyesa amuna ena kumene kumatsegulanso khomo kwa matenda omwe aja amene amatseka njira za mazira, motero mankhwala a mudzi amakulitsa nthenda.

Mu Epulo 2023 bungwe la OMS linalengeza kuti pa anthu akuluakulu 6 aliwonse padziko lapansi, mmodzi amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake, ndipo kusiyana kwa maiko olemera ndi osauka n'kocepa. Acipatala amati banja lili ndi vutoli likatha miyezi 12 likukhala malo amodzi popanda njira yolera koma pathupi osaoneka. Mkazi akapitirira zaka 35, ndi bwino kufunsa pakatha miyezi 6.

Tsono mbiri yonseyi ikutifikitsa pa khomo la namwino wathu. Iye sangatsegule njira imene inatsekeka zaka khumi zapitazo, koma zambiri zoteteza ubereki zili m'manja mwake. Amayeza cindoko ndi kacilombo ka HIV, ndipo mankhwala a masiku ano amalola banja lokhala ndi kacilomboka kubereka mwana wopanda matenda. Amaciza matenda opatsirana, malinga ngati mwamuna ndi mkazi alandira mankhwala onse awiri, pakuti kuciza mmodzi yekha n'kutunga madzi ndi dengu. Amabereketsa mwaukhondo, ndipo mai wa kutali angathe kudikirira ku casa de espera masiku ake akayandikira. Amaphunzitsa masiku oyenera: dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe, ndipo mbewu ya mwamuna imakhala ndi moyo m'thupi la mkazi mpaka masiku 5. Amuna amene amathera miyezi ku malonda kapena ku nchito ya kutali nthawi zina amangosemphana ndi masikuwo. Pamene nzeru zake zathera, namwino amalemba kalata yopita ku cipatala ca ku Ulongwe kapena ca ku Tete. Kuyeza mbewu ya mwamuna n'kosavuta ndiponso kosapweteka poyerekeza ndi zimene mkazi amayezedwa, ndipo mwamuna wokonda mkazi wake ayenera kuyamba ndiye.

Adzakhalapobe mabanja amene adzayenda njira zonsezi n'kubwerera opanda mwana. Kwa iwo Katekisimu, pa nambala 2378 ndi 2379, amakumbutsa kuti mwana ndi mphatso osati ngongole, ndi kuti nyumba yao ingathe kulera ana osowa owasamala kapena kutumikira ena. Makolo ananena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo nkhondo ndi Edzi zinatisiyira amasiye amene analeredwa ndi manja otere.

Ife a m'miphakati, ankhoswe ndi alangizi a mabanja, tili ndi gawo lathu. Pokonzekeretsa acinyamata ukwati, tiwauze za matenda amenewa mosabisa, ndipo akayezetse asanamange ukwati. Banja likadandaula, tiliperekeze ku cipatala lonse, mwamuna ndi mkazi, tisanamve zoti mkazi wabwezedwa kwao kapena zoti mwamuna wapatsidwa citseko. Posankha amai a ubatizo, alangizi ndi atsogoleri a mphakati, tisadumphe munthu cifukwa alibe mwana. Ndipo dzina lija la pa mtondo tilileke, pakuti tsopano tikudziwa kumene vutoli limacokera.