Kuchoka pa Chimera Kufika ku Chipatala

Kuyambira kalekale amayi a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi amadziwa kuti chimera chikathiridwa m'phala lofunda, phalalo limasungunuka ndi kuyamba kutsekemera. Zimene zimagwira ntchito imeneyi ndi maenzaimu, mapuloteni amene amafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'zamoyo. Panapita zaka zambiri kuti anthu aphunzire kuwagwiritsa ntchito pofufuza matenda.

M'chaka cha 1875 Dr Robert Laws ndi anzake anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Masiku amenewo dokotala ankadalira kwambiri maso ndi manja ake. Malungo anapha ena mwa iwo, kuphatikizapo Dr William Black amene anamwalira mu 1877, kachirombo koyambitsa matendawa kasanaonedwe ndi munthu aliyense. Mu 1881 mishoniyo inasamukira ku Bandawe.

Chida chothandiza kuona adani obisika chotere chinachokera kutali. Mu 1969 Thomas Brock analengeza za bakiteriya wokhala m'akasupe a madzi otentha ku Yellowstone, m'dziko la America. M'bakiteriyayu munapezeka enzaimu yotchedwa Taq polymerase, yosaonongeka ndi kutentha. Mu 1983 Kary Mullis anatulukira njira ya PCR, yochulukitsa kachidutswa ka DNA kuti kaoneke poyeza, ndipo enzaimu ija inadzaipeputsa njirayo. Kenaka akatswiri anaika jini yake m'mabakiteriya osavuta kuweta kuti azipanga yochuluka. Mu 1993 Frances Arnold anasonyeza kuti enzaimu ingathe kukonzedwa mwa kusintha jini yake ndi kusankha yoposa zinzake, monga mlimi asankhira mbewu pokolola. Ntchitoyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2018.

Zipatso za luntha limeneli zafika ku nyanja. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV limatengedwa magazi likakwana masabata 6, ndipo PCR imaulula ngati latenga kachiromboko, kuti liyambe mankhwala lisanafooke. Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linavomereza mu 2010, amapeza chifuwa chachikulu m'makhololo pa maola pafupifupi awiri.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimene Laws sanathe kuziona ku Cape Maclear, lero zikuoneka m'kadontho ka magazi, mwa mphamvu ya mtundu womwewo imene imatsekemeretsa thobwa m'mbiya.