Zipangizo Zopetera Nsalu Pamanja ku Jumbe

Ku Jumbe, m'boma la Mambwe kuchigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia, thonje ndi imodzi mwa mbewu zimene alimi amadalira kuti apeze ndalama. Komabe mayi wa kumeneko akafuna kupeta duwa pa nsalu ya pathebulo, ulusi wake amachita kugula m'sitolo, ndipo kawirikawiri umakhala wopotedwa kunja kwa dzikolo.

Dera la Jumbe lili m'chigwa cha Luangwa, pa msewu wochokera ku Chipata kupita ku Mfuwe. Mfumu Jumbe ndi imodzi mwa mafumu 6 a Akunda, pamodzi ndi Nsefu, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Thonje la m'chigwachi likakololedwa limapita ku makina ochotsa njere monga a ku Chipata, ndipo lambiri limagulitsidwa kunja lisanapotedwe. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe inaimitsa ntchito m'chaka cha 2007, ndipo ya ku Kafue inali itagwa kale. Kotero wopeta nsalu amakhala pafupi ndi munda wa thonje koma kutali ndi ulusi, ndipo akagula ulusi woipa kubweza n'kovuta.

Mawu akuti kupeta ali ndi matanthauzo awiri. Pamtondo, kupeta ndi kuchotsa gaga ndi lichero. Pa nsalu, kupeta ndi kusoka maluwa, mbalame, nyama kapena malembo ndi ulusi wamitundumitundu pofuna kukongoletsa. Ntchito ziwirizi zimakumananso pa chinthu chimodzi, chifukwa zonse zili ndi mkombero.

Luso limeneli linafala m'chigawochi kudzera m'masukulu a mishoni ndi m'magulu a amayi a mumpingo. Mishoni ya Dutch Reformed inayamba ku Magwero m'chaka cha 1899, ndipo pambuyo pake inafika ku Kamoto m'boma la Mambwe. Mpingo wa Anglican unakhazikika kwa Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu anagwira ntchito mpaka imfa yake mu 1913. Masiku ano kusoka kumaphunzitsidwanso m'sukulu pa phunziro la zapakhomo. Zopetedwa zimene anthu amazidziwa bwino ndi nsalu zapathebulo, zoyala pamipando, zovundikira chakudya, mapilo a mphatso za ukwati ndiponso nsalu za paguwa m'tchalitchi.

Ulusi

Pa zipangizo zonse, ulusi ndiwo umapulumutsa kapena kuwononga ntchito. Ulusi wopetera wodziwika kwambiri umagulitsidwa m'timitolo ta mamita 8, ndipo uli ndi tizingwe 6 tolekanitsika. Wopeta sasoka ndi tonse nthawi imodzi. Pa malembo ang'onoang'ono ndi mitsempha ya tsamba amatenga kamodzi kapena tiwiri, podzaza duwa amatenga titatu, ndipo tonse 6 ndi ta nsalu yokhuthala yokha.

Mayina awiri akale pa malonda amenewa ndi DMC ndi Anchor. Kampani ya DMC inayamba mu 1746 mumzinda wa Mulhouse, umene tsopano uli m'dziko la France, pamene ulusi wa Anchor unachokera ku mafakitale a Paisley ku Scotland. Kunyezimira kwa ulusi woterewu kumabwera chifukwa thonje lake limaviikidwa m'mankhwala a soda wamphamvu lili lokokedwa. Njirayi anaiyamba John Mercer wa ku England mu 1844, ndipo Horace Lowe anaikonzanso cha m'ma 1890. Thonje lokonzedwa motero limalimba komanso limamwa utoto bwino. Mtundu uliwonse uli ndi nambala pa kapepala kake. Kapepalako si kotaya, pakuti ulusi ukathera pakati pa duwa, maso okha sangathe kusankha kufiira kofanana ndendende pakati pa mitundu yofiira yambirimbiri.

M'misika mumapezekanso ulusi wotchipa wopanda dzina. Wina ndi wabwino, koma wina umasuluka. Nsalu yoyera imene munthu waipeta kwa milungu itatu ikhoza kuwonongeka pa kuchapa koyamba, utoto wofiira kapena wakuda utafalikira m'mbali mwa duwa lililonse. Kuyesa kwake n'kosavuta. Wopeta amadula kachidutswa, n'kukanyowetsa ndi madzi ofunda a sopo, kenako n'kukafinyira pa kansanza koyera. Kansanzako kakasintha mtundu, ulusiwo suyenera kufika pa nsalu. Kuyesa kwina ndi kwa moto: thonje likapsa limanunkha ngati pepala ndipo limasiya phulusa lofewa, pamene ulusi wa pulasitiki umasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Ulusi wa pulasitikiwu suchedwa kupsa ndi nsimbi ya makala.

Utali woyenera kudula ndi mkono umodzi, kuyambira kunsonga ya chala mpaka pachigongono, pafupifupi masentimita 45. Ulusi wautali kuposa apo umapotana, ndipo umanyutuka chifukwa chodutsa m'nsalu kambirimbiri.

Nsalu ndi singano

Nsalu yabwino kwa woyamba kumene ndi ya thonje yopanda maluwa, monga kaliko kapena popilini. Iyenera kuchapidwa isanapetedwe, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo duwa losokedwa kale limakwinyika. Chitenje chili kale ndi maluwa ake, kotero ambiri amangochiika m'mphepete monga mpendero. Pa msoko wopingasa, uja wooneka ngati timitanda, pali nsalu yapadera yotchedwa Aida, yolukidwa ndi timabowo towerengeka. Yofala kwambiri ili ndi timabowo 14 pa inchi imodzi. Saka loluka motayana nalonso limapeteka ndi ulusi wokhuthala wa majuzi.

Singano, imene ambiri ku Zambia amaitcha nyeleti, ili m'magulu. Yopetera wamba ndi yakuthwa ndipo ili ndi diso lalitali kuti tizingwe tingapo tilowe pamodzi. Manambala ake amayambira 1 mpaka 10, ndipo nambala ikamakula singano imachepa. Ya msoko wopingasa ndi yobuntha, kuti izidutsa pabowo popanda kung'amba ulusi wa nsalu. Lamulo lake n'lakuti singano itsegule bowo lokwanira ulusi umene ukuitsatira. Ikachepa, ulusi umakwekwesedwa n'kutaya kunyezimira. Ikakula, imasiya mabowo oonekera.

Mkombero ndi timikombero tiwiri ta mtengo, nsungwi kapena pulasitiki, kena kolowa mkati mwa kanzake, timene timagwira nsalu kuti ikhale yokungika ngati chikopa cha ng'oma. Wa masentimita 15 mpaka 20 umagwirika bwino m'dzanja limodzi. Kukulunga kamkombero kamkati ndi nsanza yoyera kumathandiza kuti nsalu isatereke. Pomaliza ntchito ya tsiku, nsalu imachotsedwa mu mkombero kuti isatsale ndi chizindikiro chozungulira. Zotsala ndi sizasi yaing'ono yosongoka, imene siyenera kudulira mapepala, ndi kachitsulo kovala kuchala pokankha singano.

Kujambula chithunzi pa nsalu kuli ndi njira zingapo. Pensulo imakwanira pa nsalu yoyera, ndipo choko kapena kachidutswa ka sopo wouma kamaoneka bwino pa nsalu yakuda. Njira yakale ndiyo kuboola timabowo motsatira mizere ya chithunzi pa pepala, kuliyala pa nsalu, n'kupakapo makala osinja. Bolopeni ndi pepala la kaboni la mu ofesi zimasiya inki yovuta kuchoka.

Nyengo ya m'chigwa

Chigwa cha Luangwa ndi chotentha, ndipo mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40 kapena kuposerapo. Thukuta la m'manja limadetsa nsalu yoyera ndiponso limachititsa singano dzimbiri, ndipo singano yadzimbiri imasiya madontho ofiirira amene sachapika. M'dzinja chinyezi chimachita zomwezo. N'chifukwa chake singano sisiyidwa yobaya pa nsalu usiku wonse, ndipo ulusi umasungidwa m'chitini chotseka bwino kuopa fumbi, mphemvu ndi chiswe. Nsalu yopeta imayanikidwa pamthunzi, ndipo imasitidwa chakumbuyo itayalidwa pa thaulo kuti maluwa asaphwatalale.

Msika wa zamanja m'bomali umadalira kwambiri alendo odzaona nyama ku South Luangwa National Park, makamaka m'chilimwe kuyambira mu Meyi mpaka Okutobala. Ku Mfuwe kuli Tribal Textiles, imene Gillie Lightfoot anaiyambitsa mu 1991. Nsalu zake n'zojambula osati zopeta: mizere imalembedwa ndi phala la ufa, mipata imapakidwa utoto pamanja, nsalu imawotchedwa mu uvuni kuti utoto ugwire, kenako phala lija limapalidwa. Wopeta wofuna kugulitsa kwa alendo omwewo amapikisana ndi nsalu zoterezi, zimene utoto wake unakhwimitsidwa kale.

Zithunzi za nyama za m'chigwachi zimafunanso ulusi wosiyana ndi wa maluwa. Njovu ndi mvuu zimatenga mitundu itatu kapena inayi yotuwa, nyamalikiti wa Thornicroft, amene amapezeka m'chigwa cha Luangwa chokha, amafuna yofiirira ingapo, ndipo nkhanga imatha ulusi woyera wambiri chifukwa mawanga ake amasokedwa limodzilimodzi ngati timfundo.