Mau a Chingerezi Othera ndi -tion: Mbiri ya Kulowa Kwake m'Chichewa cha m'Malokeshoni a ku Lilongwe

1. Chiyambi

Mwa mau ataliatali a Chingerezi, ambiri ndi maina amene amathera ndi malembo akuti -tion, -sion kapena -ssion. Mathero amenewa gwero lake ndi Chilatini, ndipo ochuluka adalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa pambuyo pa chaka cha 1066. Ntchito yake ndi kusandutsa mneni kuti akhale dzina. Motero mau akuti mission poyamba ankatanthauza kutuma, station kuima, auction kuonjezera, ndipo injection kuponya mkati.

M'pepala lino tifuna kulondola njira imene mau a mtundu umenewu adatsata polowa m'Chichewa cholankhulidwa ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona. Funso lathu ndi ili: bwanji ena adabwerekedwa pomwe ena, ngakhale amamveka tsiku ndi tsiku pa wailesi, adakanika kumera mizu?

2. Mau a nthawi ya atsamunda

Dzina lakuti mishoni lidadza ndi amene adakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. Kuno ku chigawo chapakati lidafala ndi Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896, kenaka Likuni, pafupi ndi pomwe lero pali Chinsapo. Chofunika kuona ndi chakuti tanthauzo la kutuma lidatsalira kutsidya kwa nyanja. Kwa Mchewa, mishoni ndi malo: tchalitchi, sukulu, chipatala ndi nyumba zozungulira.

Lokeshoni idabwera ndi matchona ndi anthu a ku migodi. Ku South Africa lamulo la 1923 lidalimbikitsa kupatula malo okhala anthu akuda kunja kwa mizinda, ndipo malowo ankatchedwa location. Amalawi amene ankapita ku Joni ndi ku Harare, ena mwa iwo kudzera ku Wenela mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, adabwera nalo dzinali kumudzi. Kuno lidataya fungo la tsankho, nkungotanthauza dera la mu mzinda lokhala anthu wamba.

Koma si onse adalandiridwa. Federation ya 1953 mpaka 1963 idadziwika m'manyuzipepala ndi pa misonkhano ngati Chitaganya, dzina la Chichewa chenicheni limene pa lokha linkaonetsa kuti zinthu zosayenera kusakanizidwa zasakanizidwa.

3. Likulu latsopano ndi mau ake

Boma lidasamutsira likulu ku Lilongwe kuchokera ku Zomba mu 1975, bungwe la Capital City Development Corporation litayamba ntchito mu 1968. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osapitirira 20,000 mu mzindawu, koma pofika 1977 adayandikira 100,000. Kawale ndi Biwi, pafupi ndi tauni yakale, adadzaza. Ku Area 23 ndi Area 25 kudagawidwa mapuloti. Ndipo Chinsapo ndi Mgona adakula popanda dongosolo la boma. M'madera amenewa Achewa adakhalira limodzi ndi Atumbuka, Ayao, Alomwe, Angoni ndi Asena, ndipo Chichewa, chimene msonkhano wa chipani cha Malawi Congress udachikweza kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndicho chidawalumikiza.

Ntchito za mu mzinda zidabwera ndi maina ake. Njanji itafika kuchokera ku Salima kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Kanengo kudakhala siteshoni, ndiponso komweko kudatsegulidwa okushoni ya fodya, kumene ambiri a ku Area 25 ndi Mgona adapeza maganyu. Chipatala cha Kamuzu Central chitatsegulidwa mu 1977, opaleshoni idasanduka nkhani ya pa khomo lililonse. Ogwira ntchito m'boma adayamba kuyembekeza penshoni.

Mau onsewa adamvera malamulo a Chichewa. Popeza phatikizo lililonse liyenera kuthera ndi lembo la liwu, mathero a Chingerezi adasanduka -shoni. Jakisoni yekha adatsata njira ina: adataya phatikizo loyamba, natenga -soni, ndipo agwirizanitsi ake ndi a gulu la Mu-A, pakuti timati jakisoni wowawa. Enawo timati siteshoni yaikulu, lokeshoni yathu, koma pochulukitsa amatenga ma-: masiteshoni, malokeshoni. Ngakhale mishoni, imene imaoneka ngati unyinji wa gulu la Mu-Mi, imakhala mamishoni.

4. Mau a nthawi ya zipani zambiri

Pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 kudasefukira mau ena ataliatali: constitution, election, corruption, privatisation, decentralisation, devaluation. Palibe ndi amodzi omwe amene adakhazikika ndi mathero a -shoni. M'malo mwake anthu adati malamulo oyendetsera dziko, chisankho, katangale ndi ziphuphu, kugulitsa makampani a boma, mphamvu ku anthu, ndi kugwa kwa kwacha.

Apa ndi pamene yankho la funso lathu lagona. Chichewa chimabwereka dzina lotere pamene likutchula malo kapena chinthu chimene munthu angachiloze ndi chala. Pamene likunena za mchitidwe, chiyankhulochi chili kale ndi zida zake: mneni wa ku-, maina a chi- othera ndi -o, ndi maina a ka- othera ndi -idwe, monga kayendetsedwe. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo lidalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996, silidachite kukakamiza kusiyana kumeneku; kudachokera m'kamwa mwa olankhula.

5. Zofunika kwa okonza ndondomeko ya chiyankhulo

Mfundo ziwiri zikutuluka. Yoyamba ikukhudza kumasulira. Mu November 2023 banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse. Mau akuti kugwa kwa kwacha amabisa wochita, ngati kuti ndalamayo idangothothoka yokha monga bango lakupsa mu mtengo. Nawo mau akuti mphamvu ku anthu amalonjeza zoposa zimene lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidapereka, chifukwa lamulolo lidapereka mphamvu ku makhonsolo. Womasulira akasankha mneni, amasankhanso amene anthu adzamufunse mlandu.

Yachiwiri ikukhudza sukulu. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Mwana wa ku Chinsapo amalowa m'kalasi akudziwa kale kuti opaleshoni ndi kung'amba munthu ku chipatala, ndipo lokeshoni ndi kwao. Tsono akakumana ndi operation m'masamu, kapena location pa phunziro la mapu, amaganiza kuti wamva pomwe sadamve. Mau osadziwika mwana amafunsa. Mau ooneka ngati odziwika amangowadumpha.

Kotero olemba mabuku otanthauzira mau, potsatira Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, ndiponso aphunzitsi a aphunzitsi, ayenera kulemba mau a -shoni ngati mau a Chichewa okhala ndi matanthauzo awoawo, ndi kusonyeza poyera pamene tanthauzo la Chichewa lasiyanirana ndi la Chingerezi.