Sensa ya MAF kapena paipi yong'ambika: kusiyanitsa mavuto awiri ofanana

Galimoto ikayamba kunjenjemera ili chiimire, kuzima pamphambano kapena kuchedwa kunyamuka mukaponda moto, chala chimafulumira kuloza sensa yoyeza mpweya yotchedwa MAF. Nthawi zina sensayo imakhaladi itafa, koma nthawi zambiri imakhala ilibe mlandu. Cholakwika chimakhala paipi ya labala yomwe yang'ambika n'kumalowetsa mpweya m'injini mozemba. Mavuto awiriwa ali ndi zizindikiro zofanana, ndipo wosadziwa kuwasiyanitsa amagula chipangizo chodula, vuto n'kukhala lili pomwepo.

Ntchito ya sensa

Injini ya petulo imayaka bwino ikasakaniza magalamu 14.7 a mpweya ndi galamu imodzi ya petulo. Kuti kompyuta ya galimoto idziwe mafuta oyenera kupereka, imadalira sensa ya MAF, yomwe imakhala pakati pa sefa ya mpweya ndi chitseko cholowetsa mpweya m'injini chotchedwa throttle. M'kati mwa sensayi muli kawaya kochepetsetsa kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo mphamvu ya magetsi yofunika kuti kakhalebe kotentha ndiyo imauza kompyuta kuchuluka kwa mpweyawo.

Fumbi kapena oyilo zikakuta kawayako, sensa imawerenga mpweya wochepa kusiyana ndi umene wadutsa, ndipo kompyuta imapereka mafuta operewera. M'misewu yathu yafumbi, makamaka m'chilimwe, sefa yakutha kapena yosakhala bwino m'bokosi mwake imadetsa sensa msanga.

Galimoto zambiri zochokera ku Japan, monga Toyota Corolla ndi Nissan Tiida, zili ndi sensayi. Zina, monga Honda zambiri zakale, zimadalira sensa ina yotchedwa MAP.

Mpweya wozemba

Injini ikamalira galimoto ili chiimire, chitseko cha throttle chimakhala pafupifupi chotseka, choncho mapisitoni amakoka mpweya mwamphamvu. Pakakhala kabowo paliponse kuseri kwa sensa, mpweya umalowera pamenepo osawerengedwa. Zotsatira zake n'chimodzimodzi ndi za sensa yakuda: mpweya wambiri, mafuta ochepa.

Malo okayikitsa ndi paipi yaikulu yamakwinya yochokera pa sensa, paipi ya valavu ya PCV, paipi yopita ku busita ya mabuleki, ndi gasiketi ya pakati pa manifodi ndi mutu wa injini. Labala ikakalamba ndi kutentha imauma, ndipo imakonda kung'ambikira kunsi kapena m'makwinya, mosaonekera msanga.

Zomwe makina oyezera amanena

Galimoto zambiri zamakono zili ndi soketi ya mabowo 16 kunsi kwa chiwongolero, polumikiza makina oyezera a OBD-II, dongosolo lomwe linakhala lamulo ku United States mu 1996. Manambala P0100 mpaka P0104 amakhudza sensa ya MAF ndi mawaya ake, pomwe P0171 ndi P0174 amatanthauza kuti mafuta akuperewera poyerekeza ndi mpweya. Nambala imangosonyeza mbali yomwe kompyuta yaona chachilendo, siitchula chipangizo choti mugule. Paipi yong'ambika ikhoza kubweretsa P0101 sensa ili bwinobwino.

Umboni weniweni uli pa chiwerengero chotchedwa fuel trim, chomwe chimaonetsa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa pofuna kukonza kasakanizidwe. Chikapitirira 10 peresenti, pali vuto. Chiwerengeni injini itatentha, poyamba ikulira yokha, kenako mutaikweza kufika 2,500 rpm.

Ngati chili chokwera injini ikulira yokha koma n'kutsika mukaponda moto, ganizirani za mpweya wozemba, chifukwa chitseko chikatseguka, mpweya wa pakabowo umakhala wochepa kwambiri poyerekeza ndi wodutsa pa sensa. Ngati chili bwino poyamba koma n'kumakwera injini ikamathamanga kapena pokwera chitunda, kayikirani sensa yakuda. Pampu ya mafuta yofooka imachitanso chimodzimodzi, kotero nayo iyenera kuyezedwa.

Ena amazula pulagi ya sensa, ndipo injini ikalira bwino amagamula kuti sensa yafa. Umenewu si umboni wokwanira. Sensa ikazulidwa, kompyuta imagwiritsa ntchito manambala osungidwa kale, omwe amatha kubisanso vuto la paipi yong'ambika.

Kupeza pobooka

Yambani ndi maso ndi manja injini itazima: pindani paipi iliyonse, onani m'makwinya ndipo mangitsani zomangira. Kenako lizani injini n'kumvetsera kaphokoso ngati ka tayala lomwe likuphwa. Kachidutswa ka paipi kamathandiza, mbali ina pakhutu, ina mukuyendetsa m'molumikizira, mukusamala fani ndi lamba. Kuwaza madzi pang'ono pamalo okayikitsa kumasintha kaliridwe ka injini ngati pali bowo. Mankhwala otsukira kabuleta amachitanso zomwezo, koma akhoza kuyatsa moto akagwera pa ekizozi yotentha. Njira yodalirika kuposa zonse ndi makina opopera utsi m'manifodi injini itazima, chifukwa utsiwo umatulukira pobookapo.

Ogwiritsa ntchito geji yoyezera kakokedwe ka mpweya adziwe kuti injini yabwino imaonetsa mainchesi 17 mpaka 21 kumalo otsika ngati m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo chiwerengerocho chimatsika ndi pafupifupi inchi imodzi pa mamita 300 aliwonse okwera. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe n'kokwera mamita pafupifupi 1,000, kutsika ndi mainchesi atatu si chizindikiro cha vuto.

Kutsuka sensa

Mukatsimikiza kuti palibe pobooka, zimitsani injini, masulani sensa ndi kuipopera mankhwala opangidwira MAF okha. Musakhudze kawaya kaja ndi nsalu kapena burashi chifukwa sikachedwa kuduka, ndipo petulo ndi mankhwala a kabuleta musaziyandikize. Dikirani iume musanaibwezeretse, ikani sefa yatsopano ngati yakale yatha, fufutani manambala aja, kenako yendetsani galimoto ndi kuwerenganso fuel trim.

Vutoli si lozengereza nalo. Injini yoperewera mafuta imatentha kwambiri m'kati ndipo ikhoza kupsereza mavalavu, pomwe paipi ya busita ikabooka, mabuleki amalimba n'kufuna mphamvu zambiri kuti galimoto iime. Sensa yatsopano igulidwe pokhapokha mapaipi, mawaya ndi pampu ya mafuta zitayezedwa n'kupezeka zili bwino, ndipo nambala yake ifanane ndi yolembedwa pa sensa yakale.