Akathyali Ogwiritsa Ntchito Dzina la Usilikali ku Springs ndi Madera Ozungulira

Springs ndi tauni yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Johannesburg, ndipo kuyambira m'chaka cha 2000 ili pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni. Inatukuka chifukwa cha migodi ya malasha ndi golide, koma yambiri mwa migodiyo inatsekedwa ndipo ntchito zinachepa. Kum'mwera kwake, panjira yopita ku Nigel, kuli Dunnottar, kumene kale kunali sukulu ya oyendetsa ndege zankhondo ndipo pambuyo pake kunakhala malo a mainjiniya a gulu lankhondo la SANDF. Achinyamata a ku KwaThema ndi madera oyandikana nawo amakula akuona yunifolomu, ndipo ambiri amasirira usilikali kaamba ka malipiro ake okhazikika. Khumbo limeneli ndilo akathyali amapezerapo mpata.

Chinyengo chofala kwambiri ndi chogulitsa ntchito. Uthenga umazungulira pa Facebook kapena WhatsApp, utakongoletsedwa ndi chizindikiro cha gulu lankhondo, wonena kuti ntchito zatuluka ndipo ofuna kulembedwa atumize ndalama ya mafomu, yoyezetsera m'thupi kapena yogulira yunifolomu. Kawirikawiri amene amalipira ndi makolo, ena mpaka kukatenga katapila. Komatu SANDF yakhala ikuchenjeza mobwerezabwereza kuti mafomu ake ndi aulere. Achinyamata amalowa usilikali kudzera mu ndondomeko ya zaka ziwiri yotchedwa Military Skills Development System, yomwe inayamba m'chaka cha 2003. Imalandira omaliza Grade 12 a zaka 18 mpaka 22, kapena mpaka 26 ngati ali ndi maphunziro apamwamba, ndipo ayenera kukhala nzika za South Africa. Mfundo yomalizayi njofunika kwa mabanja ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene akukhala ku Ekurhuleni: aliyense wolonjeza kulowetsa usilikali mwana wopanda unzika ndi wabodza, kaya wavala zotani.

Nkhani yodziwika bwino inachitika m'chigawo chomwecho cha Gauteng mu June 2017. Ku Karenpark, kumpoto kwa Pretoria, kunapezeka anthu oposa 200, ambiri ochokera ku KwaZulu-Natal, amene analipira ndalama ku gulu lotchedwa Amabutho Royal Defence atalonjezedwa ntchito m'gulu lankhondo. Mtsogoleri wawo, yemwe ankadzitcha mkulu wa asilikali, anamangidwa pa milandu ya chinyengo. Chomvetsa chisoni nchakuti anthuwa anakhala miyezi ali kutali ndi kwawo, akuguba ndi kumvera malamulo, chifukwa chilichonse chinkaoneka ngati usilikali weniweni.

Mtundu wina wa chinyengo umalunjika pa mabanja a asilikali amene ali kale pantchito. Msilikali akatumizidwa kunja, akunyumba sadziwa zambiri za komwe ali ndipo sangamuimbire lamya nthawi iliyonse. Mbava imaimba ngati mnzake wa pantchito kapena mkulu wa ku likulu, nkunena kuti wavulala kapena katundu wake watsekeredwa pachipata, ndipo ndalama itumizidwe tsiku lomwelo. Mantha amakula pa nthawi ngati ya January 2025, pomwe asilikali 14 a South Africa ndi atatu a Malawi anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 kufupi ndi Goma, m'dziko la Democratic Republic of Congo. Amasiye nawo salekedwa: pamabwera odzitcha othandiza kutulutsa penshoni mwachangu pofuna gawo lawo, chonsecho thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma, GEPF, silipiritsa munthu wofunsira ndalama zake.

Palinso asilikali a pa intaneti okha, oba zithunzi za asilikali enieni nkumafunsira nazo akazi, chikondi chikakoma nkupempha ndalama ya tikiti ya ndege. Ku Malawi nako, Malawi Defence Force yachenjezapo za anthu ouza makolo kutumiza ndalama pa lamya kuti ana awo alembedwe usilikali.

M'chaka cha 2025 chinyengo chinafika poika moyo pachiswe. Mu November, ofesi ya Pulezidenti Cyril Ramaphosa inalengeza kuti amuna 17 a zaka 20 mpaka 39 anapempha thandizo ali m'dera la nkhondo la Donbas ku Ukraine, kumene anakafika atanyengedwa ndi malonjezo a ntchito za malipiro abwino. Kumayambiriro kwa December anthu asanu anakaonekera m'bwalo la milandu la Kempton Park, ku Ekurhuleni komweko, pa mlandu wophwanya lamulo la 1998 loletsa kuthandiza magulu ankhondo akunja popanda chilolezo.

Lamulo la Defence Act la 2002 limaletsa kuvala yunifolomu ya SANDF popanda chilolezo, ndipo Cybercrimes Act, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 December 2021, imalanga chinyengo cha pa intaneti. Wobedwa angathe kukadandaula ku polisi ya Springs kapena KwaThema atanyamula mauthenga ndi malisiti onse, kapena kuimba pa nambala ya Crime Stop, 08600 10111, yomwe siumiriza munthu kutchula dzina lake.