Kuitanitsa galimoto yaliwiro yogwirapo kale ntchito kudzera pa chipata cha Mwanza

Galimoto yaliwiro, imene pa Chingerezi amati sports car, ndi galimoto yopangidwira kuthamanga ndi kukhota mwachangu osati kunyamula anthu ambiri kapena katundu. Nthawi zambiri imakhala yotsika kwambiri, ya zitseko ziwiri, ndipo injini yake imakhala yaikulu kapena yokhala ndi turbo. Ku Malawi kulibe fakitale yopanga galimoto zotere, choncho zonse zimachokera kunja, ndipo zambiri zimabwera zitagwirapo kale ntchito ku Japan, ku United Kingdom kapena ku South Africa. Chimodzi mwa zipata zimene zimalowera ndi cha Mwanza, pa malire a Malawi ndi Mozambique. Mtengo umene wogula amauona pa intaneti ndi gawo chabe la ndalama zimene adzalipire, chifukwa msonkho wa pa chipata umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo galimoto yaliwiro yakale imagwa moipa pa zonse ziwiri.

Chipata cha Mwanza

Boma la Mwanza lili m'chigawo cha kumwera, kumadzulo kwa Blantyre, ndipo dera la Mfumu Yaikulu Nthache ndi limodzi mwa madera ake. Kale bomali linali lalikulu, mpaka m'chaka cha 2003 pamene Neno anakhala boma palokha. Anthu ambiri amalidziwa chifukwa cha manachesi, koma pa zamalonda limadziwika ndi msewu wa M6, umene umapatuka pa M1 ku Zalewa n'kukafika pa malire. Kuchoka ku Blantyre kukafika pa chipata pali makilomita pafupifupi 100. Tsidya linalo kuli Zobue, m'boma la Moatize, chigawo cha Tete, ndipo pakati pa maofesi a mayiko awiriwa pali mtunda wa makilomita angapo.

Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, galimoto zinkadutsa msewu wa Tete pamdipiti, zikuperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Lero msewuwu ndi umodzi mwa mitsempha ikuluikulu ya malonda a Malawi, ndipo anthu a m'midzi ya kwa Nthache ndi madera oyandikana anazolowera kuona mathiraki onyamula galimoto zosanjikizana akudikira mapepala.

Njira zimene galimoto imadzera

Galimoto zambiri za ku Japan zobwera ku Malawi zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Zolowera ku Mwanza zimadzera njira ziwiri. Yoyamba ndi ya Beira, kudutsa Chimoio ndi Tete, mtunda woposa makilomita 800 kukafika ku Blantyre. Yachiwiri ndi ya Durban kapena Johannesburg, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Cuchamano, kuwoloka Zambezi ku Tete, kenako Zobue. Kuchokera ku Durban njirayi imaposa makilomita 2,000 ndipo ili ndi malire atatu, aliwonse ndi mapepala ake.

South Africa salola kuti galimoto zogwirapo kale ntchito zochokera kunja zigulitsidwe mwachisawawa m'dziko mwake. Zotsikira ku Durban zimasungidwa m'malo oyang'aniridwa ndi a msonkho ndipo zimatuluka m'dzikomo zitakwezedwa pa thiraki. Kwa galimoto yaliwiro, kukwezedwa pa thiraki mpaka ku Mwanza n'kwanzeru ngakhale pamene lamulo silikakamiza. Matayala ake amakhala opyapyala m'mbali, ndipo dzenje limodzi pa msewu wa Tete likhoza kupinda limu imene sipezeka m'sitolo za ku Limbe. Komanso dalaivala waganyu akapatsidwa galimoto yothamanga pa msewu wautali, si onse amene amaugwira mtima.

Mitundu imene anthu amaitanitsa

Malawi, Japan, United Kingdom, South Africa, Zimbabwe ndi Mozambique onse amayendetsa galimoto kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene msika wa Japan ulili woyenera kuno. Chifukwa china ndi kuyeza galimoto kokhwima kwa ku Japan kotchedwa shaken, kumene kumachitika galimoto ikatha zaka 3 ndipo kenako zaka 2 zilizonse. Eni ake ambiri amasankha kugulitsa m'malo molipira, ndipo galimotozo zimagulidwa pa okushoni ndi makampani otumiza kunja monga BE FORWARD ndi SBT Japan.

Zina mwa galimoto zaliwiro zodziwika ndi Mazda MX-5, imene inayamba mu 1989 ndipo ku Japan imatchedwa Roadster. Subaru Impreza WRX ya injini ya malita 2.0 ndi turbo, kuyambira 1992. Nissan 350Z, ku Japan Fairlady Z, ya injini ya V6 ya malita 3.5, imene inatuluka mu 2002. Ndi Toyota 86 ya malita 2.0, imene Toyota anapanga mothandizana ndi Subaru mu 2012. Mazda RX-8, yopangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012, imakopa chifukwa imaoneka yotchipa pa intaneti, koma injini yake ndi ya mtundu wa rotary, yopanda mapisitoni wamba, ndipo amakaniko oidziwa bwino ndi ochepa. Nissan Skyline GT-R ndi nkhani ina. United States imalola kulowetsa galimoto zakunja zosatsata malamulo ake zikakwanitsa zaka 25, ndipo kuyambira pamene mitundu yakale ya Skyline inafika zakazo, mitengo yake ku Japan inakwera kwambiri moti wogula wa ku Malawi amapikisana ndi ogula a ku America.

Msonkho

Msonkho umatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, MRA, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000, potsata lamulo la Customs and Excise Act. Wogula amayenera kukhala ndi nambala ya msonkho ya TPIN, ndipo amalemba ajenti wovomerezeka amene amalowetsa zonse za galimoto mu kompyuta ya ASYCUDA World. Ofisala amayendera galimotoyo, kuona ngati nambala ya chesisi ndi ya injini zikugwirizana ndi zolembedwa.

Misonkho ikuluikulu ilipo itatu: dyute yolowetsera katundu, excise, ndi VAT. Pa njira yowerengera pa mtengo, maziko ake si mtengo wogulira wokha, koma mtengowo kuphatikiza inshulansi ndi ndalama zonyamulira. Dyute imawerengedwa pa maziko amenewa. Excise imawerengedwa pa maziko kuphatikiza dyute, ndipo VAT imabwera pamwamba pa zonsezo. Choncho msonkho wina umakwera pa unzake. Excise ndiyo imapweteka eni galimoto zaliwiro, chifukwa imakula injini ikamakula ndiponso galimoto ikamakalamba. Galimoto ya injini yoposa 3,000cc imene yapitirira zaka 12, monga 350Z, imakhala m'gulu lapamwamba kwambiri, ndipo msonkho wonse ukhoza kuposa mtengo wa galimotoyo. Toyota 86, ngakhale imagulidwa modula ku Japan, ili ndi injini yaing'ono, ndiye kusiyana kwa ziwirizi kumachepa zikafika pa chipata. Anthu ambiri amaganiza kuti galimoto yakale ndiyo yotchipa, koma pa msonkho wa Malawi kukalamba kumalipiritsidwa.

Kwa zaka zambiri panali mikangano pa mtengo umene ofisala wavomereza. Ngati akuona kuti invoisi yatsitsidwa dala, amakhala ndi mphamvu yoika mtengo wina potengera galimoto zofanana nayo. Mu 2023 boma linayambitsa ndondomeko ya msonkho woikiratu pa galimoto zambiri zogwirapo kale ntchito, potengera mtundu, kukula kwa injini ndi chaka chopangidwira. Ziwerengero zimenezi zimasintha ndi bajeti ya boma, ndiye n'kofunika kufunsa ku MRA ndalama zisanatumizidwe.

Palinso nkhani ya kwacha. Galimoto imagulidwa m'madola, ndipo ulendo wa pamadzi umatenga masabata angapo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25% mu Meyi 2022 ndi 44% mu Novembala 2023. Amene galimoto zawo zinali m'njira pa nthawizi anapeza msonkho wa m'makwacha utakwera, ndipo galimoto yosawomboledwa imadyanso ndalama zosungira tsiku ndi tsiku. Ikakhalitsa, lamulo limalola MRA kuigulitsa pa okushoni.

Amalawi obwerera kwawo atakhalitsa kunja ali ndi mwayi wolowetsa galimoto popanda dyute, ngati asonyeza kuti anakhaladi kunjako ndi galimotoyo kwa nthawi yoikika. Galimoto yokhala ndi nambala yakunja imene yangobwera kudzacheza imalowa ndi chiphaso chakanthawi cha TIP, ndipo siyenera kugulitsidwa msonkho usanalipiridwe.

Mapepala ndi kulembetsa

Galimoto ya ku Japan imabwera ndi invoisi, chikalata cha sitima chotchedwa bill of lading, ndi chiphaso chosonyeza kuti inafufutidwa m'kaundula wa ku Japan. Pepala la okushoni, ngati lilipo, limasonyeza makilomita amene yayenda ndiponso ngati inachitapo ngozi, zimene zili zofunika pa galimoto imene mwini wake woyamba mwina ankaithamangitsa m'bwalo la mpikisano. Galimoto yogulidwa ku South Africa imafuna chilolezo chotulutsira cha bungwe la ITAC ndi chiphaso cha apolisi cha SARPCCO, mgwirizano wa akulu apolisi a kumwera kwa Africa umene unakhazikitsidwa mu 1995. Chiphasochi chimatsimikiza kuti galimoto si yobedwa. Popanda icho wogula akhoza kutaya galimoto ndi ndalama zomwe. Mozambique si membala wa COMESA, ndipo woyendetsa galimoto m'dzikomo amagula inshulansi ya komweko pa malire.

Msonkho ukalipiridwa, MRA imapereka chiphaso cha Customs Clearance Certificate. Kenako galimoto imaonedwa ndi apolisi a Interpol, n'kukalembetsedwa ku Directorate of Road Traffic and Safety Services kudzera mu MalTIS, kumene imapatsidwa nambala ndi chiphaso cha COF. Inshulansi yoteteza anthu ena pa msewu ndi yokakamiza.

Ikafika pa misewu ya Malawi

Toyota 86 imatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 13 okha. Pa M6 imayenda bwino, koma pa mahampu a m'matauni imakhula mimba, ndipo m'misewu yafumbi ya kumidzi, monga yopatuka kulowa kwa Nthache nthawi ya dzinja, ilibe ntchito. Injini zambiri za galimoto zotere zinapangidwira petulo wa octane wokwera amene amagulitsidwa ku Japan, pamene kuno petulo ndi wa mtundu umodzi. Wailesi ya m'galimoto ya ku Japan imayambira pa 76 MHz ndipo zambiri zimathera pa 90 MHz, choncho sizigwira mawailesi ambiri a kuno pokhapokha ataikamo kachipangizo kowonjezera. Galimoto zogulitsidwa m'dziko la Japan zimakhalanso ndi malire a liwiro a makilomita 180 pa ola, ngakhale kuti liwiro limeneli ndi loposa kutali lololedwa pa msewu uliwonse wa Malawi. Masipeya monga mabuleki, mashoko ndi matayala a saizi yake nthawi zambiri amaitanitsidwa ku Johannesburg, ndipo nawonso amalowera pa Mwanza pomwepo n'kulipira msonkho wake.